MABULEKI A GALIMOTO YAKALE: KODI PEDULO IKUUZANI CHIANI?

M'midzi yambiri muli galimoto imodzi kapena ziwiri zimene zakhala zaka zambiri pa mseu. Ina ndi ya mwini golosale, ina ndi ya aphunzitsi amene anapuma pa nchito, ina ndi ya kalabu ya alimi. Galimoto yotereyi ndiyo imene imanyamula chimanga ndi mtedza kupita nazo ku msika, ndipo mwini wake ndiye amene anthu amamgogodera usiku pamene nthawi ya mai wapakati yakwana. Injini ikakana kulira, ulendo walephereka, koma anthu onse ali moyo. Mabuleki akakana kugwira pa chitsikotsiko, mudzi umasonkhana pa maliro.

Chotero phunziro la mwezi uno liri lonena za mabuleki, makamaka chipangizo chimene amakaniko amachitcha busita, ndi chopondera chija chimene timati pedulo. Mabuleki saduka mwadzidzidzi kawirikawiri iai. Amayamba achenjeza, ndipo chenjezo lao limamveka ku phazi la woyendetsa. Munthu amene waphunzira kumva chenjezo limeneli angathe kupulumutsa moyo, ndiponso ndalama, pakuti nthawi zambiri chimene chaonongeka ndi kanthu kotsika mtengo.

M'MENE MABULEKI AMAGWIRIRA NCHITO

Mukaponda pedulo, kachitsulo kamakankha pisitoni m'kati mwa masita silinda, ndiko kuti silinda imene iri ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki pamwamba pake. Pisitoniyo imakankha mafuta m'timapaipi topita ku matayala onse anai. Kumeneko mafutawo amakankha mashuzi kuti akhule dilamu, kapena mapadi kuti apane disiki, ndipo tayala limaleka kuzungulira.

Chinsinsi chake nchakuti madzi kapena mafuta safinyika. Mukawakankha kuno, amakankhanso uko ndi mphamvu yonse. Amene analongosola bwino lamulo limeneli ndi Blaise Pascal wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1623 mpaka 1662. Mabuleki oyendera mafuta anawakonza Malcolm Loughead wa ku America m'chaka cha 1917, ndipo pofika 1921 galimoto za Duesenberg zinali nao pa matayala onse anai. Koma mpweya ndi wosiyana ndi mafuta, chifukwa umafinyika. Sungani mau amenewa, pakuti tikumana naonso kutsogoloku.

Galimoto zitayamba kulemera ndi kuthamanga kwambiri, phazi la munthu lokha linayamba kuchepa mphamvu. Tsono m'zaka za m'ma 1920 Albert Dewandre wa ku Belgium anakonza chipangizo chothandiza phazi. Zidzukulu za chipangizo chimenecho ndizo mabusita a lero.

BUSITA NDI MPHAMVU YAKE

Tsegulani boneti, muyang'ane pa khoma lolekanitsa injini ndi malo a dalaivala, molunjika pamene pali pedulo. Muona chibekete chakuda chozungulira, chachikulu ngati poto wophikira nsima, ndipo masita silinda yamangidwa kutsogolo kwake. Imeneyo ndiyo busita. Galimoto zina zakale, monga Volkswagen Beetle, zinapangidwa popanda busita, chotero pedulo yake ndi yolimbirapo mwachibadwa.

Busita iri ngati ng'oma imene chikopa chake chiri pakati, osati pamwamba. Chikopacho ncha labala, ndipo chimagawa chibeketecho zipinda ziwiri. Paipi yaikulu ya labala imachokera ku busita kupita ku injini. Injini ya petulo ikamalira imayamwa mpweya, ndipo kudzera m'paipiyo imayamwanso mpweya wa m'zipinda ziwirizo. Malo oyamwidwa mpweya chotere amakaniko amati muli vakyumu. Pamene phazi liri pansi, zipinda zonse ziwiri ziri chimodzimodzi, ndipo chikopa chimangokhala chete. Mukaponda pedulo, kavalavu kamatseka njira ya pakati pa zipindazo, nkulowetsa mpweya wa kunja m'chipinda cha kumbuyo chokha. Mpweya umenewo umakankha chikopa, chikopa nkukankha masita silinda pamodzi ndi phazi lanu.

Kodi mpweya wamba ungakhale ndi mphamvu yotani? Taonani. M'mbali mwa nyanja ya mchere mpweya umapanikiza chinthu chiri chonse ndi mphamvu yonga ya kilogalamu 1 pa kabokosi kali konse ka sentimita 1 m'litali ndi m'lifupi. Injini yabwino imachotsa mpweya woposa theka m'busita, kotero kuti kusiyana kwa zipinda ziwirizo kumakhala pafupifupi makilogalamu 0.6 pa kabokosi. Chikopa chotambalala masentimita 20 chiri ndi timabokosi 314. Tikachulukitsa 314 ndi 0.6 tipeza makilogalamu 188, ndiko kuti pafupifupi matumba anai a chimanga. Chimenecho ndicho chithandizo chimene phazi limalandira, ndiponso chimene limataya busita ikaleka kugwira nchito.

Kumapiri mpweya ndi wopepuka. Ku Dedza, kumene kuli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, busita imathandiza mocheperapo kusiyana ndi ku Nsanje. Galimoto yabwino siidandaula nazo, koma busita yofooka imaonetsa kufooka kwake msanga kumapiri, kumene mabuleki amafunika koposa.

Injini ya dizilo siyamwa mpweya mwa njira imene busita ingapindule nayo, chotero iri ndi kapampu kakekake. Pa Toyota Hilux zambiri zakale za dizilo kapampuko kali kumbuyo kwa olitaneta. Lamba wa olitaneta akaduka pa galimoto yotere, sikuti batire lokha ndilo laleka kulandira moto iai, mabulekinso ataya chithandizo chao.

MAYESO ATATU OSAFUNA SIPANALA

Imikani galimoto pa malo a see, mukoke handibuleki, muchotse giya.

Loyamba. Injini iri yozima, pondani pedulo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kufikira italimba. Tsono muisiye iri yopondedwa, mulize injini. Ngati busita iri bwino, mumva pedulo ikutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikapanda kusuntha konse, chithandizo palibe.

Lachiwiri. Lolani injini ilire mphindi ziwiri, muizimitse, mudikire mphindi zisanu. Pondani pedulo pang'onopang'ono katatu. Ulendo woyamba iyenera kutsika mofewa, wachiwiri molimbirapo, wachitatu molimba ndithu. Ikalimba ulendo woyamba womwe, ndiye kuti mpweya ukulowa pena pake.

Lachitatu. Injini ikulira, pondani pedulo, muzimitse injini phazi likali pompo, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30. Pedulo ikayamba kukankha phazi lanu kubwerera m'mwamba, busita kapena valavu yake ikutaya.

PEDULO YOLIMBA NGATI MWALA

Ili ndilo dandaulo lenileni la busita. Galimoto imaima, koma mochedwa, ndipo dalaivala amachita kudzuka pa mpando kuti aponde. Musafulumire kugula busita ina. Yambani ndi zotsika mtengo.

Choyamba onani paipi ya labala ija. Ifinyeni ndi zala kuyambira ku injini mpaka ku busita, muone ngati yang'ambika, yauma, kapena yafewa ndi oilo. Paipi yakale imatha kuoneka yabwino kunja koma nkumaphwafuka m'kati injini ikayamba kuyamwa. Ichotseni ku busita injini ikulira, muike chala chachikulu pakamwa pake: iyenera kuyamwa chalacho mwamphamvu. Posintha, pemphani paipi ya vakyumu yeniyeni. Paipi yothirira m'dimba kapena ya petulo imaphwafuka ikatenthedwa.

Chachiwiri onani kavalavu kamene kali pamene paipi imalowera m'busita, kapena pakati pa paipiyo. Nchito yake ndi kulola mpweya kutuluka m'busita kupita ku injini, koma osabwerera. Kachotseni, mukapukute, muuzire mpweya ku mbali ya busita: uyenera kudutsa. Muuzirenso ku mbali ya injini: usadutse. Mpweya ukadutsa mbali zonse ziwiri, kapena ukakanika mbali zonse ziwiri, kavalavuko katha. Onaninso kalabala kozungulira kamene valavu imakhalamo, pakuti kamang'ambika ndi ukalamba.

Chachitatu ndi injini yeniyeniyo. Injini yotha mphamvu siyamwa mokwanira. Makaniko amene ali ndi geji yoyezera vakyumu amayembekeza mainchi 17 mpaka 21 pa injini ya petulo ikamalira yokha m'chigwa, ndipo chiwerengerochi chimatsika ndi inchi imodzi pa mamita 300 ali onse a mtunda.

Zonsezi zikakhala bwino, pamenepo mlandu wagwera busita. Umboni wake ndi uwu: mukaponda buleki nkusiya phazi pompo, pamamveka kuti sii mosalekeza pafupi ndi pedulo, ndipo injini imanjenjemera, imasintha kaliridwe, kapena kuzima kumene. Chikopa chabooka, ndipo injini ikumeza mpweya wosauitana. Dziwaninso kuti mashuzi onyowa ndi oilo, kapena pisitoni ya ku tayala imene yagwira dzimbiri, zimachititsanso kuti galimoto ichedwe kuima ngakhale busita yapambana mayeso onse atatu.

PEDULO YOFEWA, YOMIRA, KAPENA YOTSIKA KWAMBIRI

Anthu ambiri amanamizira busita pa zinthu zimene si zake. Busita yoonongeka imalimbitsa pedulo, siifewetsa iai. Pedulo ikafewa, funani chifukwa chake ku mafuta.

Pedulo yonyang'ama ngati mwaponda chigumu imasonyeza kuti m'mapaipi mwalowa mpweya, ndipo mphamvu ya phazi ikuthera pofinya mpweyawo. Mankhwala ake ndi kubulida, nchito ya anthu awiri. Mmodzi amaponda pedulo nkuigwira, wina amamasula pang'ono kabauti kotulutsira mpweya ku tayala, nkukamanganso mnzake asanachotse phazi. Amabwereza mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Pa galimoto zambiri zakale timayamba ndi tayala la kutali ndi masita silinda, nkumalizira la pafupi. Kabotolo kasaume pa nthawi yonseyi, kuopa kuti mpweya wina ungalowenso. Koma dzifunseni kuti mpweyawo unalowera pati, pakuti polowera mpweya ndi potulukiranso mafuta.

Pedulo imene imalimba poyamba, kenaka nkumamira pang'onopang'ono mpaka pansi phazi liri pompo, imasonyeza zinthu ziwiri. Mwina mafuta akudontha kunja: yang'anani kuseri kwa matayala ndi m'mapaipi monse. Ngati paliponse pali pouma ndipo kabotolo nkodzaza, timalabala ta m'kati mwa masita silinda tatha, ndipo mafuta akungozembera pisitoni. Galimoto yotere isanyamule munthu kufikira itakonzedwa.

Pedulo imene imatsika kwambiri isanagwire, koma nkukwera mukaipopa kawiri, kawirikawiri imasonyeza kuti mashuzi adyeka ndipo atalikirana ndi dilamu. Pa galimoto zambiri zakale mpata umenewu amauchepetsa ndi dzanja pozungulitsa kachitsulo kosinthira kuseri kwa dilamu. Mashuzi akatha ndithu, asintheni mbali zonse ziwiri pamodzi, kuopa kuti galimoto ingamakokere mbali imodzi.

Palinso chodabwitsa china. Mafuta amatha m'kabotolo sabata ndi sabata, koma pansi palibe dontho. Kawirikawiri amakhala akudontha kumbuyo kwa masita silinda nkumagwera m'busita, ndipo injini imawayamwa nkuwatentha. Nthawi zina ku ekizozi kumatuluka utsi woyera. Onani ngati penti wa busita wasupuka pansi pa masita silinda. Mafuta amenewa amaononga chikopa, chotero amene aika busita yatsopano osakonza masita silinda adzagulanso ina posachedwa.

MABULEKI OKANA KUMASUKA

Nthawi zina galimoto imayamba bwino, koma ikayenda makilomita ochepa imalemera ngati yakoka ngolo, matayala amatentha, ndipo pamamveka fungo la chinthu chopserera. Choyamba kwezani pedulo ndi chala cha kuphazi. Ikakwera, sipuling'i yobweza pedulo yafooka kapena pamene pedulo imazungulira pagwira dzimbiri. Pedulo iyeneranso kukhala ndi kampata kosewera kasanayambe kukankha, mamilimita 3 mpaka 6 pa galimoto zambiri zakale, koma buku la galimoto yanu ndilo linene.

Ngati vutoli layamba mutangosintha busita kapena masita silinda, makamaka ndi yochokera ku galimoto ina, kayikirani kachitsulo kamene kamachokera m'busita kukakankha masita silinda. Kakatalika pang'ono pokha, pisitoni siibwerera pa malo ake, ndipo imatseka kabowo kamene mafuta amabwerera nako m'kabotolo. Mafuta akatentha amafufuma, nkusowa kothawira, nkumanga matayala onse. Poyesa, masulani pang'ono manati awiri omanga masita silinda ku busita galimoto itaima. Matayala akamasuka pompo, kachitsuloko nkatali ndipo kafunika kusinthidwa msinkhu ndi makaniko. Koma likakhala tayala limodzi lokha limene likumangika, kawirikawiri ndi paipi ya labala ya tayalalo imene yatsekeka m'kati, kapena pisitoni yake.

MAFUTA OYENERA

Pa chivundikiro cha kabotolo pamalembedwa mtundu wa mafuta, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Mafuta atsopano a DOT 3 sawira asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike madigiri 230. Koma mafutawa amamwa chinyezi cha mu mpweya. Akamwa madzi, a DOT 3 angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Pa chitsikotsiko chachitali mabuleki amatentha kwambiri, mafuta akalewo amawira, nthunzi imafinyika ngati mpweya, ndipo pedulo imapita pansi popanda kugwira. Chifukwa chake sinthani mafuta onse zaka ziwiri ziri zonse, ndipo musagule a m'botolo lotsegula kale.

Musathiremo oilo wa injini, mafuta ophikira kapena palafini, pakuti zimatupitsa timalabala tonse. Madzi a sopo, amene ena amathira akasowa mafuta pa njira, amawira msanga ndipo amachititsa dzimbiri m'masilinda.

PA CHITSIKOTSIKO

Pali chizolowezi choipa chozimitsa injini potsika phiri kuti petulo asathe. Taona kale kuti busita imadalira injini. Injini ikazima, m'busita mumatsala chithandizo cha kuponda kawiri kapena katatu kokha. Pa mseu wochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, wa ku Dedza kutsikira ku Golomoti, pa Chiweta, kapena wochokera ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba, dalaivala amaponda buleki kambirimbiri. Pofika pa ngodya yachitatu matumba anai aja a chithandizo achoka, galimoto yodzaza anthu ikuthamangirathamangira. Pa galimoto zina kuzimitsa kiyi kumakhomanso chiongolero. Petulo wopulumutsidwa chotero ndi wochepa.

Potsika phiri ikani giya yotsika, imene mukadakwerera phirilo, kuti injini igwire galimoto ndipo mabuleki asatenthe. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanai.

Ngozi ikagwa, zindikirani mtundu wake. Injini ikazima yokha ndipo pedulo yalimba, mabuleki alipobe: pondani kamodzi ndi mphamvu zanu zonse osachotsa phazi, pakuti kupopa kumangotha chithandizo chotsalacho. Koma pedulo ikapita pansi yopanda kanthu, ipopeni msanga msanga, mutsitse giya imodzi imodzi, nkumakoka handibuleki pang'onopang'ono. Galimoto zambiri zopangidwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ziri ndi njira ziwiri za mafuta, kotero kuti ina ikabooka ina imagwirabe pansi penipeni pa pedulo. Zambiri zakale kuposa pamenepo ziri ndi njira imodzi yokha.

Inunso apaulendo muli ndi mau. Mukamva injini yazima pa phiri, nenani mwaulemu koma momveka kuti, "Adalaivala, chonde lizani injini, tanyamula ana muno." Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

ZIMENE SIMUYENERA KUCHITA

Musatsegule busita ndi nyundo ndi tcheza. M'kati mwake muli sipuling'i yamphamvu imene ingathe kukuvulazani, ndipo busita yotsegulidwa chotero siitsekekanso bwino. Musapinde kapena kukhoma msomali m'paipi ya tayala lodontha kuti ulendo upitirire, chifukwa galimoto imakokera mbali imodzi pa nthawi imene mufuna kuima msanga. Musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha: ikani zitsa zolimba. Fumbi la m'dilamu musaliuzire ndi pakamwa, pakuti mashuzi ena akale ali ndi asibesitosi amene amaononga mapapo. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Nchito iri yonse ya mabuleki ikatha, yesani galimoto pang'onopang'ono pa bwalo popanda apaulendo.

KWA APHUNZITSI

Phunziroli lingathe kuphunzitsidwa popanda galimoto. Tengani jekeseni yatsopano yopanda singano. Mwana aidzaze mpweya, atseke kukamwa kwake ndi chala, akankhe: aona kuti ikulowa. Aidzazenso madzi, achite chimodzimodzi: aona kuti siisuntha. Pamenepo wamvetsa chifukwa chake timabulida mabuleki. Tsono wina ayamwe mpweya wa m'botolo la pulasitiki lopanda kanthu. Botolo likaphwafuka, funsani ana kuti walifinya ndani. Yankho lake ndi mpweya wa kunja, womwewo umene umakankha chikopa cha busita.

Mafunso:

1. Chifukwa chiani pedulo imatsika pang'ono injini ikalira pa yeso loyamba?
2. Busita ina iri ndi chikopa cha timabokosi 400. Pa makilogalamu 0.6 pa kabokosi, imathandiza phazi ndi makilogalamu angati? Ndi matumba angati a makilogalamu 50?
3. Pedulo yolimba ndi pedulo yofewa zimasiyana bwanji pa chifukwa chake?
4. Galimoto imaima pa mamita 10 ikamathamanga makilomita 40 pa ora. Idzaima pa mamita angati pa makilomita 80?

Amene mwawerenga tsamba lino, muwerengereninso mwini galimoto ya m'mudzi mwanu ndi mnyamata amene amaiyendetsa. Mayeso atatu aja satenga mphindi khumi. Achitike mawa m'mawa, katundu asanakwezedwe ndiponso anthu asanakwere.